Chaka Chimene Sitandade Wani Inadwala Chibwibwi

Ndikukumbukira bwino tsiku limene tinakalembetsa sukulu, ine ndi mlongo wanga Saidi, chifukwa mchenga unatiwotcha mapazi njira yonse koma amayi sanatilole kuthamanga. Ankati munthu wokapempha malo sathamanga. Sukuluyo inali pafupi ndi doko lathu, kumpoto kwa Salima, moti mphepo ikatembenuka fungo la usipa woyanika linkalowa m'kalasi n'kukhala nafe mpaka kuweruka. Masiku amenewo ana sankafunsidwa chaka chobadwa. Ahedi ankangokuuza kuti udutsitse dzanja pamutu, ugwire khutu la mbali inayo. Ine ndinaligwira ndi nsonga ya chala, nditapendeketsa khosi pang'ono. Saidi analigwira khutu lonse, zala n'kupitirira mpaka kuchibwano, ndipo ahedi anamuyang'ana n'kufunsa amayi kumene mwanayu anali zaka zonsezi.

Kumene anali kunali kunyumba, ndipo chifukwa chake chinali chibwibwi. Saidi akafuna kuyankhula, liwu loyamba linkamukanirira pakamwa. Milomo inkatsekana, mitsempha ya pakhosi n'kutuluka, phazi n'kumapondaponda pansi, ndipo pofika potulutsa mawuwo munthu amene amamuyankhulayo anali atapita kale kukachita zina. Abambo, amene anali msodzi, sankaona vuto lililonse pamenepa. Ankati nsomba sizifuna kucheza, ndipo mnyamata wosayankhula ndi wabwino m'bwato. Amayi ndi amene anakakamira za sukulu. Anadikira mpaka ine nditakula kuti tikalowe limodzi, popeza ine ndinabadwa ndi pakamwa pokwanira anthu awiri. Abambo anavomera, koma anaika mawu awo poyera: sukulu ikamukana mwanayo ngakhale kamodzi, mvula ikangotha akwera nawo bwato kupita ku chilumba cha Mbenji, kumene asodzi amakakhala miyezi yambiri akupha utaka. Tonse m'nyumbamo tinkadziwa kuti abambo sabwereza mawu.

Kwathu kunali lamulo limene mwana aliyense ankalidziwa asanadziwe n'komwe kusambira: wachibwibwi satsanziridwa. Ukamutsanzira, chimachoka kwa iye n'kubwera kwa iwe, kapena chimangogawikana, onse awiri n'kukhala nacho. Choncho ana a m'mudzi sankamuseka Saidi pamaso. Musaganize kuti unali mtima wabwino. Anali mantha basi. Ankangomusiya kumbali, ndipo pa masewera ankamupatsa udindo wosunga malaya a anzake. Chodabwitsa chinali chakuti poyimba ankayimba bwinobwino, ndipo ku madrasa, kumene tinkapita masana, ankaloweza limodzi ndi gulu popanda kukodwa paliponse. Amwalimu a ku madrasako ankati izi zikusonyeza kuti lilime la Saidi limadziwa mawu oyenera kuwalemekeza.

Mphunzitsi wathu wa Sitandade Wani anali a Mayi Mbewe, amene tinkangowatchula kuti Madamu. Anali achitsikana, atangochoka kumene ku koleji, ndipo ankavala nsapato ngakhale pamchenga, chinthu chimene amayi a padoko anachikambirana kwa mwezi wathunthu. Tsiku loyamba tinabwera ndi masileti athu titawatsuka, tikuyembekeza kuyimba a e i o u monga ankachitira akuluakulu athu. Madamu anatiuza kuti tiike masileti pansi, titseke maso. Tinatseka. Anafunsa kuti tikumva chiyani. Wina anati mafunde, wina anati mbuzi, wina anati nyundo ya mmisiri wokhoma ngalawa. Esinati, mwana wa a tcheyamani a chipani m'dera lathu, anati akumva njala, ndipo Madamu anati imeneyonso ndi yoona koma tiisiye kaye. Anatiuza kuti kuwerenga kumayambira kukhutu, kuti mawu alionse ali ndi timaliwu ting'onoting'ono m'kati mwake, ndipo munthu amene sanatimve sangatizindikire tikalembedwa. Ife tinavomera mokweza kuti inde Madamu, monga tinkavomerera chilichonse.

Patapita masabata angapo akutimvetsera mbuzi ndi kuwomba m'manja, anafika pa funso limene linatigonjetsa. Anati titchule liwu loyamba m'mawu akuti madzi. Tinati ma. Anati ayi, m'kati mwa ma muli awiri, atuluke woyambayo yekha. Tinayang'anana. Kwa ife ma anali ma, ngati mwala, ndipo mwala sufunsidwa mbali imene unayambira. Ine ndinayesa kunena ma motsitsa mawu, poganiza kuti mwina akhala wochepa. Esinati anati madzi amayambira kunyanja. Madamu anayendayenda pakati pathu, nsapato zikulira, mpaka anakaima kumbuyo kumene Saidi ankakhala atapinda miyendo yake yaitali. Anamuuza kuti angonena mawu onsewo, madzi. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndimunenere monga mwa masiku onse, koma Madamu anandikwezera chala. Saidi anatseka milomo n'kuyamba nkhondo yake. Panatuluka mmm, mmm, mmm, wautali, wosafika kumene amapita.

"Imani pomwepo!" anatero Madamu. "Ameneyo. Mwamumva? Saidi wamugwira."

Saidi anayang'ana kumbuyo kuti aone ngati kuli Saidi wina. Kunali khoma.

Tsiku lomwelo Madamu anamuimika kutsogolo kwa kalasi n'kutiuza kuti tonse tinene monga wanenera Saidi. Aliyense wa ife ankadziwa kuti Madamu akutituma kuchita chinthu choletsedwa, ndipo palibe amene ankadziwa mmene mwana angauzire mphunzitsi wovala nsapato kuti walakwitsa. Kukana kunali kuswa mwambo, ndipo mwambo ndi kumvera tinkaziyimbira m'mawa uliwonse pa mzere. Tinasankha chimene chinali pafupi. Tinatseka milomo, kalasi yonse n'kulira mmm ngati njuchi za m'mphako. Titamaliza, ambiri tinayesa malilime athu mobisa, kutchula mayina athu chapansipansi, kuti tione ngati akugwirabe ntchito. Anali kugwira.

Kuchokera pamenepo Saidi anakhala munthu wofunika. Zinapezeka kuti maliwu onse amene ife tinkawadumpha pothamangira kumaliza mawu, iye anali atakhala nawo zaka zambiri pamalo amodzi, ndipo ankawadziwa ngati anansi. Ankadziwa amene amakhala pamilomo, amene amabisala kuseri kwa mano, ndi amene amakanirira kukhosi. Madamu akatchula mawu moduladula, s, kenako o, kenako p, kenako o, ife tinkangoyang'ana kudenga, koma Saidi anali atakweza kale dzanja, ndipo ngakhale zinkamutengera nthawi kuti anene kuti sopo, kalasi yonse inkadikira chifukwa Madamu ankadikira. Anatituma kukatola zigoba za nkhono m'mphepete mwa nyanja, kuti liwu lililonse tiziliikira chigoba chake pansi. Saidi ankayala zigoba za mawu akuti utaka, za akuti kampango, za dzina la aliyense, osaphonya. Anayamba kudzuka yekha m'mamawa, kutsuka miyendo mpaka m'mawondo, ndi kunditsogolera panjira. Ine ndinataya ntchito yanga yomunenera, ndipo kunena zoona ndinachita kansanje pang'ono. Koma ndinkanyadira kwambiri, ndipo sindinamuonepo mlongo wanga akusangalala ngati miyezi imeneyo.

Vuto linali lakuti ana sasiya maphunziro kusukulu. Tinayamba kupita nawo kunyumba. Mwana ankalowa m'khitchini n'kunena kuti amayi, ndipatseniko mmm-adzi. Wina akatumidwa kugolosale ankakafika akuti akufuna sss-opo. Ena ankangokhala pakhonde okha, akuyang'ana mbuzi n'kumati b, b, b, kufunafuna ngati liwulo lili m'kati mwa dzina lake. Poyamba makolo ankangokalipa. Kenako amayi ena, akutsuka mbale kunyanja, anatchula kuti mwana wawo wayamba kuyankhula modabwitsa, ndipo amayi ena anasiya mbale m'madzi n'kunena kuti wawonso. Pofika madzulo zinadziwika kuti ana onse odwalawo anali a kalasi imodzi, ndipo m'kalasi imeneyo munali mwana wa uje. Atafunsidwa, anawo anayankha mosabisa kuti inde, amamutsanzira Saidi tsiku ndi tsiku, ataima kutsogolo.

Mankhwala a chibwibwi kwathu anali odziwika: mwana ankamwetsedwa madzi a m'chigoba cha nkhono. Saidi anamwa madzi otere okwana kuyandamitsa bwato, osasintha kanthu, koma zimenezo sizinachotse ulemu wa mankhwalawo. Tsono makolo atapita kukafuna zigoba, anadabwa kupeza kuti m'mphepete monse mulibe. Anakazipeza m'matumba a akabudula ndi madiresi a ana awo omwe. Apa nkhani inakula. Anthu anati ndiye kuti Madamu akudziwa kuti m'kalasi mwagwa matenda, ndipo akuwachiza anawo mwakachetechete kuti makolo asadziwe. Panalinso umboni wina wosatsutsika, wakuti masileti a Sitandade Wani ankabwera kunyumba ali oyera ngati mmene anapitira. Mwana wasukulu ankadziwika ndi choko. Akuluakulu athu ankayenda ndi sileti atayikweza m'mwamba kuti chongi cha aphunzitsi chisafufutike asanafike kwa makolo. Ife tinkabwera ndi nkhono.

Chimene chinamaliza zonse ndi Esinati. Tsiku lina kunyumba kwawo kunabwera alendo a chipani ochokera kuboma, ndipo a tcheyamani, a Matewere, anamuitana mwana wawo kuti apereke moni. Esinati anagwada bwinobwino n'kunena kuti mmm-uli bwanji, kenako n'kuwafotokozera alendowo kuti ameneyo amakhala pamilomo. Mawa lake anyamata a malaya ofiira anayenda khomo ndi khomo kulengeza msonkhano wa makolo a Sitandade Wani. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo msonkhano woitana a tcheyamani sunkakhala ndi odwala kapena otanganidwa.

Tinasonkhana pabwalo la sukulu dzuwa lili pamutu, makolo atakhala mbali imodzi, ife ana mbali ina. Anyamata aja anayamba aona makhadi a chipani, kenako tinayimba nyimbo zotamanda mtsogoleri. Saidi anayimba mokweza ndi momveka kuposa tonse, ndipo ndinaona amayi akuyang'ana uku ndi uku kuti aone ngati anthu akumva. A Matewere anaimirira, anakhutulira zigoba za nkhono patebulo, n'kunena kuti iwo sakudana ndi munthu, koma mudzi sungalole kukhala ndi mbadwo wonse wosatha kupereka moni. Anapempha Madamu kuti afotokoze.

Madamu anafotokoza bwino. Anati anawo sakudwala, akungophunzira kumva maliwu a m'mawu, ndipo Lolemba likudzali ayamba kuwaonetsa malembo ake, liwu lililonse ndi lembo lake, moti masileti adzadetsedwa mokwanira. Anati chibwibwi sichipatsirana, ndipo Saidi ndi mwana wanzeru kuposa onse amene anawaphunzitsapo. Poti anali asanaphunzitsepo kalasi ina, mawu amenewa sanalemere kwambiri. Komabe anthu ena anayamba kugwedeza mitu movomereza, ndipo ine ndinaganiza kuti tapulumuka. Ndiye a Matewere anafunsa funso limodzi, mofatsa, akuyang'ana zikhadabo zawo.

"Kaphunzitsidwe kameneka, Mayi, kali m'buku la boma?"

Muyenera kukumbukira nthawi yake. Munthu ankatha kuchoka pamudzi osatsanzika chifukwa cha chinthu chochepa kuposa pamenepo. Madamu anayang'ana ahedi, ahedi anayang'ana mbendera. Anyamata a malaya ofiira anasiya kutafuna nzimbe. Kenako Madamu anayankha.

"A... a... ayi, bwana, ko... koma..."

"Mwamva?" anafuula mayi wina kumbuyo. "Nawonso chawagwira!"

Palibe amene anaseka, chifukwa palibe amene ankaona choseketsa. Azimayi anapukusa mitu mwachisoni. Bambo wina wachifundo anatola chigoba chachikulu patebulopo n'kukawapatsa Madamu m'manja, ndipo iwo, posadziwa chochita, analandira ndi manja awiri.

Amayi athu anaimirira osapatsidwa mpata. Anati mwanayu anamubereka okha, agona naye nyumba imodzi zaka zonsezi, nanga bwanji iwo alibe chibwibwi? Anandiloza ine, nati taonani uyu, amadyera naye mbale imodzi, koma amayankhula mpaka m'tulo. A Matewere anayankha kuti zimenezo n'zosadabwitsa, pakuti a m'nyumba amazolowera, monga mwana wa msodzi sachita chizungulire m'bwato. Anthu anavomereza kuti pamenepo a tcheyamani alasa. Amayi anatembenukira kwa abambo. Abambo anali atavula chipewa chawo n'kuchiika pabondo, ndipo ankachiyang'ana ngati chili ndi nkhani yawoyawo.

Apa ndi pamene Saidi anaimirira. Sindinamuonepo akudzuka yekha kuti ayankhule pagulu, ndipo ndikhulupirira kuti miyezi ija ya kutsogolo kwa kalasi ndi imene inamunyenga kuti anthu amadikira. Anaika manja kumbuyo monga anatiphunzitsira Madamu, natseka milomo. Panatuluka mmm. Anapondaponda pansi. Mmm. Mayi amene anali pafupi anakoka mwana wake n'kumutseka makutu ndi zikhatho. Wina anachitanso chimodzimodzi, kenako wina, mpaka makolo anadzuka m'malo mwawo kudzagwira mitu ya ana awo. Saidi anayang'ana bwalo lonse, anzake onse amene ankanena pambuyo pake m'mawa uliwonse ali ndi manja a amayi awo m'makutu. Anasiya. Anakhala pansi, napinda miyendo yake.

Chigamulo chinali chaulemu. A Matewere anati palibe amene akuchotsedwa sukulu, pakuti boma limafuna mwana aliyense aphunzire. Saidi angopuma kaye kunyumba kufikira kalasi itachira, ndipo Madamu abwerere ku buku. Anafunsa abambo ngati amva. Abambo anati, "Tamva, bwana," navala chipewa.

Pobwerera kunyumba ndinayenda naye kumbuyo kwa makolo. Mchenga unkawotcha koma sitinathamange. Ndinamufunsa chimene amafuna kunena pamsonkhano paja, ndipo ndinadikira, chifukwa kudikirako ndinali nditaphunzira. Zinamutengera mtunda wonse kuchokera pa mjigo mpaka pa mango a kumzikiti. Ankafuna kuwauza kuti amulole azikhala kumbuyo kwenikweni, ndipo sadzatsegulanso pakamwa mpaka chaka chithe. Ndinalira njira yotsalayo, iye n'kumandiuza kuti ndisiye, anthu akuona.

Kalasi inachira msanga. Kunyumba aliyense wonena mmm ankamenyedwa khofi n'kumwetsedwa madzi a m'chigoba, ndipo pasanathe sabata panalibenso wodwala. Izi zinatsimikizira mudzi wonse kuti a tcheyamani anaona patali. Lolemba lija Madamu analemba malembo pabolodi, monga mwa buku, ndipo ife tinayimba ma me mi mo mu mokweza kuti a kunja amve. Koma makutu athu anali atatsekuka kale, ndipo zimenezo panalibe wozibweza. Lembo lililonse likaonekera, tinkangoti, oho, ndi uja. Pofika nyengo yozizira ambiri tinkawerenga mayina a ngalawa padoko ndi zolembedwa pa matumba a feteleza, chinthu chimene Sitandade Wani inali isanachitepo pasukulupo. Makolo anayamikira a Matewere kuti anaibweza sukulu m'njira yake. Madamu anamaliza chaka akuyankhula motsitsa, kenako anasamutsidwa, ndipo sindinamvenso za iwo.

Za Saidi, panalibe amene anauzidwa kuti ndi iye adzalengeze kuti kalasi yachira. Amayi anapita kwa ahedi, ahedi anati afunse a tcheyamani. A tcheyamani anati nthenda ikangotha kumene si bwino kuiputa, tidikire pang'ono. Tikudikira choncho mvula inatha, nyengo ya ku Mbenji inatsegulidwa, ndipo abambo anati sukulu yamukana mwanayo, mawu awo aja akwana. Amayi anamumangira kamtolo ka ufa ndi bulangete. Kuchilumbako akazi saloledwa, choncho ife tinathera padoko. Saidi anakhala pakati pa bwato atagwira chitini chokapira madzi, ndipo sanayang'ane kumbuyo.

Atabwerako kumapeto a chaka anali wakuda bii, mapewa atakula, akununkha utsi wowambira nsomba. Ndinamutengera kumchenga n'kuyamba kumulembera malembo ndi kamtengo, ndikumuuza kuti ndi osavuta, iye amawadziwa kale onse, changotsala ndi kuwaona. Anayang'ana kunyanja. Kenako anafufuta ndi phazi zimene ndinalembazo, nati, "Za... zako izo." Ndinayesanso chaka chotsatira, ndi chinanso, mpaka ndinaona kuti ndikumupweteka, ndipo ndinasiya. Ine ndinapitirira ndi sukulu mpaka ndinakagwira ntchito kuchipatala. Iye anakhala msodzi wodziwika, wa ngalawa yakeyake, wosayankhula zambiri monga ankafunira abambo. Pofunika kusayina ankadinda chala.

Masiku ano zinthu zinatembenuka. Ana a Sitandade Wani amaphunzitsidwa maliwu poyera, zili m'buku la boma lenilenilo, ndipo mwana akabwera kunyumba akuti sss kapena mmm, makolo amaitana anansi kuti adzamve nzeru. Esinati, amene tsopano ndi agogo a anthu ngati ine, anandiimitsa pamsika wa Salima n'kundiuza monyadira kuti kamdzukulu kake kamatha kudula mawu alionse. Ndinamuyamikira. Zigoba za nkhono zangoti mbwee m'mphepete mwa nyanja, palibe wozifuna.

Chaka chatha ndinapita kukaona a Saidi, amene tsopano maso ayamba kuwavuta ndipo kunyanja anasiya. Ndinawapeza pakhonde akusoka ukonde wa mwana wawo, kamdzukulu kawo Amina katakhala pamapazi pawo ndi buku la kusukulu. Kamwanako kankalimbana ndi mawu ena ake, ndipo agogo ake, osakweza mutu, ankakadulira maliwu amodziamodzi, osaphonya, pambuyo pa zaka zonsezi. Amina anadabwa kuti agogo amazidziwa bwanji zimenezi. Kenako anakwera pamwendo pawo, nakankhira bukulo pamphuno pawo, chala chili pa lembo limodzi.

"Agogo, taonani mmm. Ndi uyu."

Ine ndinakumbukira zimene phazi lija linachita pamchenga. Koma mdzukulu sakanidwa monga amakanidwira mlongo. A Saidi anaika singano pansi. Analitengera bukulo kutali ndi maso, kenako pafupi, nakayang'ana kalemboko nthawi yaitali, timiyendo take titatu titaima pamzere. Ameneyu ndiye anawatsekera pakamwa moyo wawo wonse, anawaimika kutsogolo kwa kalasi, n'kuwachotsanso sukulu, ndipo anali asanauzidwepo kuti ndi uyu.

"Ndi... ndi ameneyu?" anafunsa.

Amina anati eya.

A Saidi anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Ine ndi... ndimayesa ndi wamkulu."

Amina anafuna kutenga buku lake kuti apitirize, koma agogo ake sanalisiye. Anasuntha chala chawo chokhakhala kupita pa lembo lotsatira, namufunsa mwanayo kuti nanga uyu ndani.